Mamita 10 kuseri kwa nyumba yathu

Mayi anga amazindikira munthu wa kubanja kwathu asanamuone nkhope. Amatha kukhala pakhonde madzulo akupeta mapira, msana atalozetsa kunjira, n'kungonena kuti, "Malume ako awo, kawatengere mpando." Ukacheuka, ndi iwodi. Sikuti amalosera ayi, amamva phazi. Munthu wina aliyense akamayenda, chimayamba kufika pansi ndi chidendene, phazi lonse n'kutsatira mwaulemu, osamveka. Ife a kwathu phazi limagwa lonse nthawi imodzi, phaa, phaa, ngati mlamba woponyedwa m'bwato. Ndiye poti zala zimalendewera, timakweza bondo kwambiri kuti zisakhule pansi. Anzanga kupulayimale ankandiitana Kakowa, mbalame ija imayenda m'dambo ikunyamula miyendo ngati ikunyansidwa ndi matope. Dzinalo linkandiwawa, koma ndikaganiza lero, anyamata aja anaona bwino kuposa akuluakulu onse a m'mudzi.

Kwathu ndi pakati pa Ngabu ndi Bangula, mbali ya kudambo ukachoka pamsewu wa M1. Agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, anali msodzi ku Elephant Marsh. Akakhala m'bwato palibe ankadziwa kuti ali ndi vuto. Akangotsika pamtunda m'pamene miyendo inkawaulula: akatumba owuma ngati mapesi, phazi lopindika pakati ngati uta, zala zokhwinyata. Nkhani imene tinakula nayo inali yakuti anaponda mankhwala amene munthu wina anatchera panjira pa mkangano wa dimba. Mpaka lero mayi anga ali ndi mphini kuzungulira akakolo onse awiri, malume chimodzimodzi. Ine ndinapulumuka lumo chifukwa bambo anga anali mkulu wa mpingo. Koma palibe amene ankafunsa kuti mankhwala oponda munthu mmodzi amalowa bwanji mwa ana ake awiri, n'kudumpha atatu, kenako n'kudzatulukira mwa mdzukulu.

Enanso anali ndi mayankho awo. Kuchipatala china chaching'ono anandivula malaya n'kufufuza zikanga za khate pamsana, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa khate limagwetsadi phazi ndi kupha khungu. Sanapeze kanthu, anandipatsa panado ndi mavitamini. Ena ankati ndi poliyo, chonsecho poliyo amagwira mwadzidzidzi, kawirikawiri mwendo umodzi kuposa unzake, ndipo sadya munthu pang'onopang'ono kuyambira ku zala mbali zonse ziwiri. Ndipo m'zaka zimene mankhwala otalikitsa moyo anali ndi stavudine, amene ankachititsa dzanzi kumapazi mpaka boma linawasintha cha m'ma 2013, anthu akaona miyendo yanga yowonda ankangonong'onezana. Ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri ndikudziwa zimene makolo ena ankanena ndikadutsa.

Dzina lenileni ndinalimva mu 2018, nditabinya phazi kachitatu m'chaka chimodzi, ulendo uno potsika kabaza. Ananditumiza kumtunda, ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Adokotala amene anandiona sanathamangire kundigoneka pabedi. Anati, "Bambo, tavulani nsapato, muyende mpaka pakhomo apo, mubwerere." Ndinayenda. Anati ndiyende ndi zidendene zokha, zala zili m'mwamba. Ndinaseka, chifukwa chinthu chimenecho sindinachitepo chibadwire. Anagogoda kuseri kwa kakolo ndi kahamala kawo, phazi duu. Anaika kachitsulo konjenjemera pa chala chachikulu, ine osamva kanthu, koma atakaika pabondo ndinamva. Kenako anatenga pepala n'kuyamba kujambula mtundu wathu wonse, amuna timabokosi, akazi timizere tozungulira, odwala akuwadetsa ndi bolopeni. Funso limene anabwereza kawiri linali lakuti, "Alipo mwamuna amene anapatsira mwana wake wamwamuna?" Ndinati agogo anapatsira malume. Anagwedeza mutu n'kundifotokozera kuti pali mtundu wina wa matendawa umene bambo sangapatsire mwana wamwamuna, ndiye wathuwu si umenewo. Wathuwu mwana aliyense wa munthu wodwala amakhala ngati waponyeredwa ndalama m'mwamba, theka kutengera, theka kupulumuka.

Matendawo amatchedwa Charcot-Marie-Tooth, mwachidule CMT. Ndi mayina a madokotala atatu amene anawafotokoza mu 1886: Jean-Martin Charcot ndi Pierre Marie ku Paris, ndi Howard Henry Tooth ku England. Nditabwerera kumudzi ndinauza mayi kuti adokotala akuti vuto lili m'majini. Anaika lichero pansi. "Si ndinkanena ine? Ndiye bambo ako ankakaniranji kupita kwa asing'anga?" Panatenga madzulo onse kuti timvane kuti majini a adokotala si aja amakhala m'mitengo ya malambe, koma malangizo amene munthu amalandira kwa makolo ake akadali m'mimba. Sindikudziwa ngati anakhutira, koma mphini sanatchulenso.

Mmene ndimafotokozera ana a sitandade 8 ndi motere. Mitsempha yonyamula mauthenga kuchokera kumsana kupita kuminofu ili ngati waya wamagetsi wokutidwa ndi pulasitiki. Mwa ena a CMT chimawonongeka ndi chokutiracho, mwa ena waya weniweniyo. Mtundu wofala kwambiri, CMT1A, umabwera chifukwa munthu ali ndi makope 3 a jini yotchedwa PMP22 m'malo mwa 2, ndipo zimenezi zinadziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Uthenga umene mwa munthu wabwinobwino umathamanga mamita oposa 50 pa sekondi m'mitsempha ya m'mkono, mwa anthu amenewa sufika 38. Waya wautali kwambiri m'thupi ndi wopita kuphazi, pafupifupi mita yathunthu, n'chifukwa chake mapazi ndi amene amayamba, manja n'kutsatira patapita zaka. Mabuku amati munthu mmodzi pa 2,500 ali ndi CMT. Chiwerengerocho chinachokera ku Ulaya, koma ngati chikugwiranso kuno, ndiye kuti pa anthu oposa 850,000 amene kalembera wa 2018 anapeza m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, tilipo oposa 300. Ndimayang'ana mapazi a anthu pamsika wa Ngabu kuposa mmene ndimayang'anira ng'ombe.

Mankhwala ochiza palibe. Zimenezo adokotala ananena mosabisa, n'kunditumiza kwa a mafizo. Mayi wa mafizoyo ndi amene anandifunsa funso limene linandigwetsa ulesi: "Aphunzitsi, chaka chatha ndi chaka chino, kayendedwe kanu kasintha bwanji?" Ndinayamba ndi kunena kuti sikanasinthe. Kenako ndinati mwina kaipirako. Kenako ndinati zimatengera tsiku. Iwo anaseka n'kunena kuti aliyense amayankha choncho, chifukwa matendawa amayenda ngati nkhono, ndipo amene umakhala nawo tsiku ndi tsiku sangaone. Thupi nalonso limabisa. Minofu ya pamsongolo ikafooka, ntchafu ndi chiuno zimayamba kugwira ganyu yonyamula phazi, iwe osadziwa kuti wasintha kayendedwe. Umadzadzidzimuka tsiku limene silipasi yakuvuka panjira ndipo wayenda masitepe asanu osazindikira.

Anandionetsa pafoni mmene amayezera kayendedwe kumayiko a ndalama. Chipinda chachikulu, makamera ambiri kuzungulira denga, monga aja amapanga a Vicon ku Oxford. Wodwala amamumata timipira tonyezimira pachiuno, m'mabondo, mu akakolo ndi pa zala, n'kuyenda pamwamba pa mbale zachitsulo zokwiriridwa pansi zimene zimayeza mphamvu imene phazi likukankhira nthaka. Kompyuta imajambula kamunthu ka timitengo, n'kunena kuti kakolo wapindika madigiri angati pa mphindi iliyonse ya sitepe. Kuchokera m'zipinda zoterezi tikudziwa kuti phazi limakhala pansi pafupifupi magawo 60 pa 100 a sitepe yonse, magawo 40 lili m'malere, ndipo likamadutsa m'maleremo chala chachikulu chimaphonya nthaka ndi sentimita imodzi kapena ziwiri basi. Tonsefe, odwala ndi amoyo, timayenda kampata kakang'ono chotero kuchokera ku kugwa. Amene amasunga kampatako ndi mnofu wa kutsogolo kwa msongolo, umene umakoka phazi kuti liyang'ane kumwamba, ndipo ndi womwewo umene CMT imayamba kudya.

Ndinati zimenezo n'za azungu, ife tizionera pafoni. Iwo anati ayi, chinthu chachikulu si kamera koma kuyeza chinthu chomwecho, mwa njira yomweyo, kwa zaka zambiri. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti m'chaka chomwecho cha 1886, wophunzira wa Charcot, Georges Gilles de la Tourette, anasindikiza kafukufuku wa kayendedwe ka anthu odwala mitsempha wopanda makina alionse. Ankayala pepala lalitali pansi, kupaka anthu ufa wofiira kumapazi, kuwayendetsa, kenako n'kuyeza zidindo zotsala. Nditawerenga zimenezo ndinayang'ana kuseri kwa nyumba yathu, kumene Shire anatisiyira mchenga wosalala kuposa pepala lililonse.

Ndiye kuyambira mu 2019 timachita chonchi, kamodzi pa miyezi itatu, Loweruka m'mawa dzuwa lisanapse. Ndinakhoma zikhomo zinayi za mtsanya m'mbali mwa mpanda: choyamba, china patatha mamita 2, china patatha mamita 10 kuchokera pamenepo, chomaliza patatha mamita 2 enanso. Mamita awiri oyambawo ndi oti munthu alowe m'kayendedwe kake, omalizawo ndi oti asayambe kuima asanafike. Timawerengera nthawi pa mamita 10 apakati okha. Mayi a kunyumba amawaza madzi pang'ono ndi keni, n'kusesa ndi tsache mbali imodzi mpaka mchenga ukhale ngati ufa woyanikidwa pamphasa. Munthu amayenda wopanda nsapato katatu, mmene amayendera popita kuchigayo, osati mothamangitsidwa. Wina agwira wotchi ya pafoni, wina awerenga masitepe, ndipo foni ina timaitsamiritsa panjerwa cham'mbali, pa msinkhu wa bondo, kuti ijambule kanema. Zikatha ndimagwada ndi tepi ya telala.

Kugwada kumeneko ndi kumene ndimakonda, ngakhale kudzuka kwake kumandivuta. Chidindo cha mayi a kunyumba ndi cha m'buku: dzenje lozama la chidendene, mzere wa m'mphepete, kenako chala chachikulu chitakumba ndi kuponya mchenga kumbuyo pokankha. Changa ndi zilumba ziwiri, chidendene ndi kutsogolo, pakati popanda kanthu chifukwa cha uta uja. Kulemera konse kumatsamira m'mphepete mwa kunja, n'chifukwa chake ndimabinya phazi kawirikawiri, ndipo nsapato zanga zimatha mbali imodzi. Chala chachikulu sichiponya mchenga, chimangodinda n'kunyamuka. Zidindo za kumanja ndi kumanzere zimatalikirana m'mbali, chifukwa munthu wosamva bwino nthaka amatangadza kuti asagwe. Koma chimene ndimafufuza kwenikweni ndi kamzere kakang'ono kutsogolo kwa chidindo, pamene chala chakhula mchenga phazi lili m'malere. Kamzere kalikonse ndi kugwa kumene kunatsala pang'ono kuchitika. Mu 2019 ndinkapeza kamodzi kapena osapeza n'komwe pa maulendo atatu. Pofika 2022 kumanzere kunali pafupifupi sitepe iliyonse yachitatu.

Masekondi anga anali asanasinthe kwenikweni, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira kuti wotchi payokha imanama. Ndinkafika pa chikhomo nthawi yomweyo, koma ndi masitepe ochuluka, aafupi, ndi bondo lokwera kwambiri. Kanema woyendetsedwa pang'onopang'ono anaonetsa zala zitaloza pansi ngati za nkhuku yonyamulidwa. Nditapita nazo ku Blantyre, a mafizo anayang'ana kope langa ndi makanema awiri, wa 2019 ndi watsopano, mbali ndi mbali. Sanachedwe. Anati nthawi yakwana yoti ndivale chogwiriziza phazi, chipulasitiki chooneka ngati L chimene chimayambira pansi pa bondo n'kukalowa kunsi kwa phazi, iwo amati AFO. Ndikanapita chimanjamanja ndikanawauzanso kuti zimatengera tsiku, ndipo ndikanadikira mpaka nditathyola fupa.

Chipulasitikicho ndisakunamizeni, si cha kuchigwa kuno. Mu Okutobala kutentha kukadutsa madigiri 40, mwendo umaphikidwa m'katimo ngati mbatata. Nsapato ndinachita kukasaka pakaunjika, yokulirapo saizi imodzi. Usiku uliwonse ndimayenera kuunika phazi ndi tochi, chifukwa chilonda chimatha kuyamba ine osamva, monganso minga kapena mchenga wotentha masana. Koma Loweruka limene ndinayenda nacho koyamba pamzere wathu, timizere ta zala tinazimiririka, ndipo mayi anga ali pakhonde anafunsa kuti walowa pakhomo ndani.

Ndinalakwitsa zambiri poyamba, ndipo ndizinene kuti wina asabwereze. Ulendo wina ndinayeza masana nditachoka kumunda wa thonje, manambala n'kuipa kwambiri moti sindinagone, chonsecho kunali kutopa chabe. Ulendo wina mchenga unali wouma, phazi likumira. Nditangochira malungo ndinayezanso, n'kudziopseza ndekha. Kuyeza kumodzi si kanthu. Matendawa sasintha pa miyezi itatu, ndiye manambala akagwa mwadzidzidzi, funani chifukwa china, ndipo ngati sichikupezeka pitani kuchipatala, chifukwa CMT siithamanga choncho. Chimene chimalankhula ndi mzere wa zaka zitatu, zinayi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa matenda ena amene mwambiwu umawakwana ngati awa.

Vuto limeneli si la mphunzitsi wa kumudzi yekha. Asayansi atapeza kuti vitamini C amathandiza mbewa za CMT1A, anayesa pa anthu mazanamazana ku Ulaya, ku America ndi ku Australia, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Sanapeze phindu. Koma anatulukanso ndi phunziro lina lowawa: ngakhale anthu amene sankalandira mankhwalawo anasintha pang'ono kwambiri moti sikelo zimene madokotala ankagwiritsa ntchito zinkalephera kuona kusinthako. Ungadziwe bwanji kuti mankhwala achedwetsa chinthu chimene sukutha kuchiona chikuyenda? N'chifukwa chake masiku ano akufunafuna miyeso yakuthwa, kuphatikizapo kayendedwe ka munthu ndi timakina tomanga pamwendo towerenga sitepe iliyonse tsiku lonse. Ndikawerenga zimenezi ndimadziona ngati ndili nawo m'gulu, ine ndi tepi yanga ya telala.

Chinthu china chimene a ku Blantyre anandiuza, ndipo ndinachilemba ndi inki yofiira pachikuto cha buku la kuchipatala la aliyense wa ife: munthu wa CMT asapatsidwe vincristine adokotala asanadziwe za matendawa. Ndi mankhwala a khansa amene amagwiritsidwa ntchito m'dziko muno, ndipo kwa ife amatha kupha mitsempha m'masabata ochepa, munthu woyenda n'kukhala wonyamulidwa. Malume sadziwa kuwerenga, koma amadziwa kuloza pachikutopo.

Mwana wanga wamkazi sindinamuike pamzere dala. Anali ndi zaka 8, mu 2021, ntchito yake inali yowerenga masitepe. Tsiku lina titamaliza anadutsa pamchenga wosesawo kukatenga keni, ine ndili chigwadire ndi tepi. Ndinaona zilumba ziwiri. Zazing'ono, zosaoneka bwino, koma pakati panalibe kanthu. Sindinanene chilichonse tsiku limenelo. Ndinamuyang'ana sabata yonse, mmene amathamangira pa fulaye, mmene amadumphira ngalande, mmene silipasi imamuvukira. Kenako madzulo ena ndinamuuza kuti tipikisane kuyenda ndi zidendene. Anayesa, n'kuseka, n'kunena kuti, "Ababa, inunso simungathe." Ndinalowa m'nyumba.

Kuyeza mwana n'kovuta kuposa kuyeza wamkulu, ndipo ndinapusitsidwa chaka chathunthu. Masekondi ake ankatsika, masitepe akutalika, ine n'kumauza mayi ake kuti mwina tinalakwitsa, mwana ali bwino. A mafizo anangofunsa kuti, "Msinkhu wake mwalemba pati?" Mwana akukula miyendo imatalika, ndiye liwiro limakwera ngakhale mitsempha ikubwerera m'mbuyo. Uyenera kuyerekeza kutalika kwa sitepe ndi kutalika kwa mwanayo, ndipo funso si lakuti kodi akupita patsogolo, koma ngati akupita patsogolo mofanana ndi anzake a msinkhu wake. Mphunzitsi wa masamu kuiwala kugawa, manyazi ake! Panopa pamphuthu pa chitseko pali mizere ya pensulo ya msinkhu wake, iliyonse ndi tsiku lake. Chinanso, mwana akadziwa kuti akuonedwa amayenda ngati wa pa perete. Ndimamufunsa matebulo a 7 akuyenda kuti maganizo achoke kumapazi.

Kwa anthu a kumtunda manambala amenewa ndi nkhani ya dokotala. Kuno ali ndi ntchito ina. Usiku wa namondwe Ana, mu Januwale 2022, madzi anatipeza tili m'tulo. Ndi usiku umene Kapichira anawonongeka, dziko lonse n'kuthima. Tinatuluka madzi ali m'mabondo, kulowera kusukulu ya kumtunda. M'matope phazi lolendewera silizuka, ndipo mumdima munthu wosamva nthaka alibe chomuuza pamene waponda, chifukwa masana timayendera maso. Mayi anga anagwa kawiri tisanatuluke m'mudzi, mpaka anyamata awiri a kwa aneba anawanyamula. Ine ndinkakwawa malo ena, mphunzitsi wathunthu. Kope langa linanyowa, masamba a chaka choyamba anamatana, mwayi ndinali nditawajambula pafoni.

Madzi ataphwa ndinakhala pansi ndi kope lomwelo. Mayi anga amatenga masekondi 20 pa mamita 10, ndiko kuti theka la mita pa sekondi. Ndinayeza njira ya kusukulu ndi chingwe, ndinapeza mamita 1,200. Ndiye kuti mphindi 40, masana, pouma, osapumira, zimene iwo sangathe. Usiku m'madzi palibenso chowerengera. Ndinawaonetsa pepalalo. Iwo ndi aja amati ndinabadwira pano, madzi a 2015 ndinawaona, sindithawa mvula. Koma anayang'ana nambala ija nthawi yaitali, n'kufunsa kuti mayi a kunyumba angatenge mphindi zingati. Ndinati 15. Anangoti, "Oho." Pamene wailesi inayamba kuchenjeza za Freddy mu Malichi 2023, anamanga okha kamtolo kawo, ndipo tinawakweza pangolo pamodzi ndi malume ndi mwana uja kudakali tsiku lathunthu, kunja kukuwala, anthu akutiseka kuti aphunzitsi ndi amantha.

Pali mbali ina imene ndimalimbana nayo, ndipo sindinaithetse. Mayi a kunyumba amati ndimayang'ana mwana ngati wogula ng'ombe pamsika, kuyambira kumapazi. Akunena zoona pang'ono. Pali masiku amene mwanayo akubwera kuchokera kusukulu atanyamula pepala la mayeso m'mwamba, ine maso ali pa bondo lake lakumanzere. Mtsikana wa zaka 12 amazindikira zinthu zotere. Ulendo wina anakana kuyenda pamzere, anati watopa kukhala homuweki ya bambo ake. Tinadumpha miyezi itatu imeneyo, ndipo m'kope muli mpata. Atabwerera anabwera ndi lamulo lake: iye ndi amene azigwira wotchi ine ndikamayenda, ndi kulemba manambala anga ndi dzanja lake. Amalemba mosakomera. Pamene ndinayamba ndinkatenga masekondi 9 wopanda nsapato, panopa 11, ndipo ndikati tibwereze chifukwa ndinapunthwa amati, "Ababa, kupunthwako ndiye tikuyeza."

Kumene sitinagwirizane n'komwe ndi pa mng'ono wake, mnyamata wa zaka 5. Ine ndimati kudziwa msanga n'kwabwino. Mwana akayamba mafizo otambasula mtsempha wa kuseri kwa kakolo phazi lisanaume, amachedwetsa kupindika, ndipo chogwiriziza kapena opaleshoni zimabwera pa nthawi yake. Mayi ake amati mwanayo sakugwa, sakudandaula, amathamangitsa mbuzi mpaka kudambo, ndiye mufuna kupezanji? Akuti ngati zilipo zidzadzionetsa zokha monga zinachitira kwa mkulu wake, ndipo mpaka tsikulo akhale mwana wosayezedwa. Nditafunsa a mafizo anakana kutiweruza. Anati palibe changu pa mwana amene alibe chizindikiro, koma akayamba kupunthwapunthwa kapena kuyendera zala tisazengereze. Aliyense wa ife anamva kuti amuikira kumbuyo.

Loweruka lapitali tinayeza monga mwa nthawi zonse. Mayi anga anayenda ndi ndodo yawo, masekondi 22. Malume sanabwere, anali kumaliro ku Sorgin. Mtsikana uja anayenda akuimba matebulo, ine ndinayenda iye akundiseka. Ndili chigwadire pa chikhomo chachitatu, tepi ili m'manja, nkhuku inalowa m'munda wa masamba, ndipo mnyamata uja anaithamangitsa kudutsa pamzere wonse, kuyambira pa chikhomo choyamba mpaka chomaliza, wopanda nsapato, pamchenga wonyowa bwino. Zidindo zake zinali pamenepo, mamita awiri kuchokera pamene ndinagwada. Ndinayamba kudzuka, ndipo mukudziwa kuti kudzuka kwanga n'kwa masitepe atatu, dzanja pansi, bondo, kenako chiuno. Pamene ndimaimirira n'kuti mayi ake atafika kale pakati pa mzere ndi tsache, akusesa chobwerera m'mbuyo, osandiyang'ana.

"Phala likuzizira," anatero.